Bakiteriya Alibe Makutu, Koma Amamva Shuga

M'firiji ya mankhwala pa chipatala chachikulu cha boma la Nkhotakota, monganso m'zipatala zina zikuluzikulu m'dziko muno, mumasungidwa timabotolo ta insulini. Kabotolo kake n'kakang'ono, kotalika ngati chala basi. Koma kwa mwana amene ali ndi matenda a shuga a mtundu woyamba, amene kapamba wake analeka kupanga insulini, timadzi ta m'kabotolo aka ndi timene timamusunga ndi moyo. Akakhala masiku ochepa chabe osabaya, shuga amakwera, m'magazi mumachuluka asidi, ndipo akhoza kukomoka mpaka kumwalira.

Nanga insuliniyo amamupanga ndani? Sachokera ku mtengo, ndipo masiku ano sachokeranso ku ziweto. Amapangidwa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, toweta m'mathanki akuluakulu a chitsulo kunja kwa dziko lino. Makampani ena amagwiritsa ntchito yisiti, ena bakiteriya wotchedwa E. coli. Inde, dzina lomwe lija mumalimva alangizi a zaumoyo akamachenjeza kuti madzi a pachitsime akumana ndi zochokera kuchimbudzi. Wa kufakitaleyo ndi mtundu woweta, wosadwalitsa, koma banja lake ndi lomwelo.

Apa ndiye pali funso lokoma. Bakiteriya alibe makutu, alibe ubongo, sasayina kontilakiti. Ndiye munthu angamuuze bwanji kuti "tsopano ingokula kaye", kenako n'kudzamuuza kuti "basi, yamba kupanga mankhwala"? Yankho lake lili m'chakudya. Chimene wamupatsa, chimene wamumana, ndi nthawi imene chakudyacho chathera, ndiye mawu amene bakiteriya amamva.

Msodzi sayatsa nyali mwezi ukuwala

Amene mumakhala m'madoko mukudziwa kuti usipa amaukopa ndi nyali usiku wa mdima. Mwezi ukakhala wathunthu asodzi ambiri amapuma, chifukwa kuwala kuli ponseponse ndipo usipa susonkhana pa nyali. Kuyatsa nyali usiku wotero n'kungotaya mafuta kapena kutha batire pachabe. Zida zonse zilipo, chilimira chili pagombe, koma sizigwira ntchito mpaka nthawi yake itakwana.

Bakiteriya naye ndi wosamala chuma chotere, mwinanso kuposa.

E. coli ali ndi majini oposa 4,000 mu DNA yake. Tisanapitirire, kuno kunyanja mawu akuti "jini" akhoza kuthawitsa agogo pakhonde. Majini a m'Biology si aja a nthano za usiku ayi. Jini ndi kachigawo ka DNA kamene kali ndi malangizo opangira puloteni imodzi, monga tsamba limodzi m'buku la maphikidwe. Mapuloteni ndiwo amagwira ntchito m'selo: ena ndi makomo olowetsera chakudya, ena ndi maenzaimu odula ndi kulumikiza zinthu.

Kupanga puloteni n'kodula kwambiri. Puloteni ili ngati mkanda wa timikanda totchedwa ma amino acid, ndipo kulumikiza kamkanda kalikonse kumadya mphamvu. Mwa mphamvu zonse zimene bakiteriya amapeza akamakula mofulumira, gawo lalikulu limathera pa ntchito imeneyi. Atati azitsegula masamba onse 4,000 nthawi imodzi, n'kumapanga chilichonse kaya chikufunika kaya ayi, akhoza kukula mochedwa. Ndipo kuchedwa kwa bakiteriya ndi imfa. Pamalo abwino E. coli amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse. Tawerengani nokha: pa maola 10 agawikana ka 30, ndipo mmodzi uja wasanduka oposa biliyoni imodzi. Amene akuwononga mphamvu pa zinthu zosafunika, anzake amamupitirira n'kumudyera chakudya chonse.

Choncho majini ambiri amakhala ozimitsa, kudikira chizindikiro.

Amene anaona zimenezi bwinobwino anali wasayansi wa ku France, Jacques Monod. Mu 1941, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, analemba za kafukufuku wake wa mmene mabakiteriya amakulira akawapatsa mitundu iwiri ya shuga nthawi imodzi. Mitundu ina akaiphatikiza, mabakiteriya ankakula, kenako n'kuima kwa kanthawi ngati afa, kenako n'kuyambanso kukula. Chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha glucose ndi lactose, shuga wa mu mkaka. E. coli amayamba wadya glucose yense, lactose osamukhudza. Glucose akatha amaima kaye, ndipo m'kanthawi koimako amakhala akusula zida zodyera lactose, zimene poyamba analibe. Zinatenga zaka 20 kuti chinsinsi chake chimveke. Mu 1961 Monod ndi mnzake François Jacob, a ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, anafotokoza mmene swichi yake imagwirira ntchito, ndipo mu 1965 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi André Lwoff.

Rodibuloko ya pa DNA

Tiyerekeze DNA ngati msewu wa M5. M'mbali mwa msewuwu muli majini atatu oyandikana amene onse amakhudza za lactose. Awiri ndiwo ofunika kwa ife. Yoyamba, lacZ, ili ndi malangizo a enzaimu yotchedwa beta-galactosidase, imene imadula lactose pawiri kuti atuluke glucose ndi galactose. Yachiwiri, lacY, ili ndi malangizo a khomo lolowetsera lactose m'selo. Majini oyandikana chonchi, oyendera swichi imodzi, amatchedwa operon. Iyi ndi lac operon.

Kuti jini igwire ntchito, pamafunika galimoto yotchedwa RNA polymerase iyende pamwamba pake n'kumakopera malangizowo. Kope lakelo ndi mRNA, ndipo limapita ku maribosomu amene amaliwerenga n'kulumikiza ma amino acid. Galimotoyi siyambira paliponse. Ili ndi siteji yake, kachigawo ka DNA kotchedwa promoter.

Ndiye kutsogolo kwa sitejiyo kuli rodibuloko. Pali puloteni ina, repressor, imene imakhala yokakamira pa DNA pamalo otchedwa operator. Ikakhalapo, galimoto siyenda, ndipo enzaimu sipangidwa. Umu ndi mmene zimakhalira m'matumbo mukakhala mulibe mkaka.

Lactose akafika, pang'ono pa iye pamasandulika kukhala allolactose. Allolactose amakakamira repressor uja n'kumusintha kapangidwe, moti amalephera kugwira DNA, n'kugwa. Msewu watseguka.

Wophunzira watcheru adzutsa dzanja apa: lactose analowa bwanji m'selo pamene khomo lake linali lisanapangidwe? Nanga anamusandutsa allolactose ndani, popeza enzaimu kunalibe? Funso labwino kwambiri limenelo. Mlonda wa parodibuloko amaodzerako. Mwa apo ndi apo repressor amasiya DNA kwa kamphindi, galimoto imodzi n'kudutsa, choncho selo limakhala ndi timakomo ndi timaenzaimu towerengeka nthawi zonse. Timeneto ndi timene timalawa kaye. Tikapeza lactose, swichi imatseguka kwathunthu ndipo enzaimu imachuluka pafupifupi ka 1,000. Ine mbali imeneyi ndi imene imandisangalatsa kuposa zonse: swichiyo ikanakhala yotseka ndithundithu, yosadontha ngakhale pang'ono, bakiteriya sakanadziwa n'komwe kuti kunja kwabwera mkaka.

Koma kuchotsa rodibuloko pakokha sikukwanira. Galimoto ya pasiteji iyi ndi ija yofuna kukankha kuti ilire. Wokankha wake ndi puloteni yotchedwa CAP, imene imagwira ntchito pokhapokha itagwirana ndi kanthu kotchedwa cAMP. Kanthu aka ndi belu la njala: kamachuluka glucose akasowa, kamachepa glucose akachuluka. Kuwonjezera apo, pamene glucose akulowa m'selo, khomo la lactose limatsekerezedwa. Ndiye kuti majiniwa ayake mwamphamvu pafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: lactose akhalepo, glucose asakhalepo. Glucose ndi mpunga wophikaphika uli pambale, lactose ndi mpunga wosapuntha. Ndani angatenge mtondo pamene mbale ili yodzaza?

Swichi imeneyi mwina inakuyankhulanipo kale osadziwa. Njira zambiri zoyezera ngati madzi a pamjigo kapena pachitsime ali aukhondo zimadalira iyo yomweyi. Mabakiteriya a gulu la E. coli amadziwika ndi luso lodya lactose, pamene mabakiteriya ambiri a m'madzi alibe lusoli. Woyeza amaika madziwo m'chakudya chokhala ndi lactose, kapena chokhala ndi mankhwala amene beta-galactosidase ikawadula amasanduka achikasu. Amazisunga pofunda mpaka mawa. Chikasu chikaoneka, ndiye kuti lac operon ya winawake yayaka mmenemo, ndipo madziwo akufunika kuyezedwa mozama ndi kuthiridwa klorini.

Kubwereka swichi

Tibwerere ku kabotolo kaja. Insulini anapezedwa mu 1921 ku Toronto m'dziko la Canada, ndi Frederick Banting ndi Charles Best, ndipo mu 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala woyamba kuthandizidwa naye. Kwa zaka 60 zotsatira, insulini ankamufinya kuchokera ku kapamba wa nkhumba ndi ng'ombe zophedwa m'malo ophera nyama. Ankagwira ntchito ndithu, chifukwa wa nkhumba amasiyana ndi wa munthu pa amino acid mmodzi yekha, wa ng'ombe pa atatu. Koma pankafunika milu ya akapamba kuti papezeke mankhwala ochepa, ndipo matupi a odwala ena ankamukana.

Insulini ndi puloteni yaing'ono: ma amino acid 51 okha, m'mizere iwiri, wina wa 21 wina wa 30. Mu 1978 asayansi a kampani ya Genentech ndi a City of Hope ku California anapanga mu labu majini a mizere iwiriyi. Jini iliyonse anailumikiza kumchira kwa lacZ, n'kuiika m'kamkombero ka DNA kotchedwa plasmid, kenako n'kulowetsa mu E. coli. Mwaona nzeru yake? Sanapange swichi yatsopano. Anangobwereka siteji ndi rodibuloko ya lac, n'kuika katundu wawo panjira ya galimoto. Bakiteriya swichi ikayaka ankapanga enzaimu yake ya masiku onse, koma kumchira kwake kukulendewera mzere wa insulini. Asayansiwo ankadula mchirawo ndi mankhwala, kuuyeretsa, n'kulumikiza mizere iwiri ija. Mu 1982 insulini wopangidwa ndi bakiteriya anavomerezedwa ku Britain ndi ku America, ndipo kampani ya Eli Lilly inayamba kumugulitsa m'dzina la Humulin. Anali mankhwala oyamba a anthu opangidwa mwa njira imeneyi. M'boma ngati lathu lino, mmene Asilamu ndi ambiri, ndi bwinonso kudziwa kuti insulini wa mtundu uwu sadutsa mwa nkhumba.

Mwina mukuganiza kuti: nanga swichi ya chiyani? Bwanji osangochotseratu rodibuloko kuti bakiteriya azipanga insulini usana ndi usiku?

Chifukwa bakiteriya insuliniyo alibe naye ntchito. Kwa iye ndi katundu wolemera amene wamusenzetsa wina. Amene akusenza amakula mochedwa, ndipo mapuloteni ena achilendo amamudwalitsa kumene. Tsono pakati pa mabakiteriya mabiliyoni, sipalephera kupezeka mmodzi amene wataya plasmid kapena jini yake yawonongeka mwangozi. Ameneyo ndi wopepukidwa. Tingoyerekeza kuti wosenza akugawikana mphindi 30 zilizonse, wopepukidwa mphindi 20. Pa maola 10 woyamba agawikana ka 20, wachiwiri ka 30. Kusiyana kwa ka 10 kumeneko kukutanthauza kuti mbumba ya waulesi yakula kuposa ya wolimbikira ka 1,000 ndi kupitirira. Pofika nthawi yokolola, thanki yadzaza ndi odya okhaokha.

N'chifukwa chake ntchitoyi imagawidwa pawiri. Poyamba swichi imakhala yozimitsa, mabakiteriya amangodya ndi kuswana mpaka madzi a m'thanki atalimba ngati phala. Kenako swichi imayatsidwa, onse nthawi imodzi amatembenukira ku puloteni imene ikufunidwa kwa maola angapo, ndipo amakololedwa aulesi asanachuluke.

M'ma labu ambiri amayatsa ndi mankhwala otchedwa IPTG. Amafanana ndi allolactose moti repressor amapusitsika n'kugwa, koma beta-galactosidase singawadule, choncho satha. Ndi kiyi wachinyengo amene amakhala pachitseko mpaka kalekale. M'kabotolo ka mu labu zimayenda bwino. Koma m'thanki ya malita masauzande ambiri, IPTG ndi wodula, akachuluka amafooketsa mabakiteriya, ndipo pamapeto pake ayenera kuchotsedwa yense m'mankhwala.

Apa ndi pamene anthu anabwerera kwa Monod. Mu 2005 wasayansi wa ku America, William Studier, anafalitsa njira yoti thanki izidziyatsa yokha. Mumasakaniza glucose wochepa, lactose, ndi glycerol kuyambira pachiyambi. Mabakiteriya amayamba ndi glucose, monga mwa khalidwe lawo, ndipo nthawi yonseyi swichi ndi yozimitsa. Glucose akatha, lactose amalowa, swichi imayaka yokha, ndipo glycerol ndi amene amawapatsa mphamvu zopitirizira. Ukafuna kuti iyake mochedwa, umawonjezera glucose pachiyambi. Wotchi yake ndi kuchuluka kwa shuga. Lactose naye savuta kupeza kumayiko opanga tchizi, chifukwa amatsalira m'madzi otsala popanga tchiziyo.

Maswichi oyaka ndi njala

Swichi ya lac imayaka chinthu chikabwera. Pali ena amene amayaka chinthu chikatha, ndipo ku mafakitale amawakonda chifukwa suthiramo kanthu kodula.

Imodzi ndi ya tryptophan, mmodzi mwa ma amino acid 20 aja. E. coli amatha kudzipangira yekha, koma akamupeza m'chakudya savutika. Tryptophan akachuluka amagwirana ndi repressor wake n'kumuthandiza kutseka msewu. Akatha, msewu umatseguka. Ukaika jini yako kuseri kwa promoter imeneyi, umangoyeza tryptophan wokwana kukulira, ndipo akatha ntchito imayamba.

Ina ndi ya phosphate, mchere uja wa chilembo P pa thumba la feteleza wa NPK. Bakiteriya amafuna phosphate kuti amange DNA ndi zina zambiri. Pakhungu lake pali puloteni yolondera kuchuluka kwa phosphate kunja. Akachepa, imatumiza uthenga mkati ndipo gulu la majini osakira phosphate limayaka. Imodzi mwa iwo ndi phoA, imene enzaimu yake imathothola phosphate ku zinthu zina. Promoter ya phoA yakhala ikugwiritsidwa ntchito popanga mankhwala a mapuloteni mu E. coli, makamaka ndi Genentech yomwe ija. Injiniya amawerengetsera phosphate woti adzathe pa nthawi imene thanki yadzaza bwino. Akalakwitsa n'kuika wochepa, swichi iyaka mabakiteriya akadali ochepa. Akaika wambiri, siyaka n'komwe.

Musaganize kuti maswichi a njala ndi a ku California kokha. Ali m'nyanja yomwe mumasambayi. M'madzi a nyanja ya Malawi mumapezeka mabakiteriya obiriwira a mtundu wa Anabaena, amene maselo ake amalumikizana ngati mkanda ndipo amadzipangira chakudya ndi dzuwa ngati zomera. Nayitrojeni wosungunuka m'madzi akakhalapo, maselo onse amafanana. Akasowa, selo limodzi pa maselo khumi kapena kuposerapo limasintha m'kati mwa tsiku limodzi: limakhuthalitsa khungu, limaleka kutulutsa okosijeni, n'kuyatsa majini a enzaimu yokoka nayitrojeni wa mumpweya. Likatero limagawira anzake a mumzere. DNA ya maselo onse inachokera kumodzi, koma njala ndi imene yasankha masamba oti atsegulidwe. Gawo la nayitrojeni ameneyo limatha kuyenda kudzera m'tizilombo ta m'madzi mpaka kukafika mu usipa wa pathandala.

Nanga pa Dwangwa?

Boma la Nkhotakota si lachilendo ku ntchito yoweta tizilombo m'mathanki. Pa Dwangwa, fakitale ya shuga ya Illovo ikafinya nzimbe ndi kuchotsa shuga wa m'mapaketi, pamatsala molasesi, madzi akuda onata aja. Pafupi pomwepo pali Ethco, kampani imene kuyambira 1982 yakhala ikudyetsa molasesi kwa yisiti kuti apange ethanol, amene mbali ina amasakanizidwa ndi petulo. Yisiti si bakiteriya, ali m'gulu la bowa, ndipo ethanol si puloteni. Komabe luso lake ndi lapachibale: kusamala kutentha, kusamala asidi, kuyeza chakudya, kuletsa tizilombo tachilendo kulowerera. Ndipo yisiti naye ali ndi swichi yake ya shuga. Shuga wa nzimbe ndi sucrose, ndipo kuti amudye amatulutsa enzaimu yotchedwa invertase yomudula pawiri. Glucose akachuluka, jini ya enzaimu imeneyi imazimitsidwa.

Ndiye shuga tili naye, madzi tili nawo nyanja yonse, mathanki tikuwadziwa. Bwanji osangoyamba kupanga insulini pa Dwangwa?

Chopinga choyamba n'choseketsa. Mitundu ya E. coli imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri m'ma labu ndi m'mafakitale, ya K-12 ndi ya B, siitha kudya sucrose. Ilibe majini ake. Mutaiika mu shuga wa pa Dwangwa ikhoza kufa ndi njala chakudya chili pakamwa. Pali mtundu wina, E. coli W, umene umatha, ndipo majini ake akhoza kusamutsidwa, kapena sucrose akhoza kudulidwa kaye asanaperekedwe. Chimenecho chili ndi njira yake.

Chachiwiri n'chakuti molasesi sayera ndipo safanana. Wa chaka chino ndi wa chaka chatha amasiyana mchere, malinga ndi nthaka, feteleza ndi nyengo. Kumbukirani kuti kwa bakiteriya chakudya ndi mawu. Ngati swichi yako ndi ya phosphate, koma sukudziwa kuti m'molasesimo muli phosphate wochuluka bwanji, zili ngati kulankhula pamsika wa phokoso: uthenga ufika molakwika kapena pa nthawi yolakwika. N'chifukwa chake mankhwala obaya amapangidwa ndi glucose woyera ndi mchere woyezedwa bwino.

Ngakhale glucose woyerayo sathiridwa yense nthawi imodzi. E. coli akapeza glucose wambiri amadya mwadyera kuposa mmene angagayire, ndipo zotsalazo amazitulutsa ngati asidi wa mu viniga. Asidiyo akachuluka amamulepheretsa kukula ndi kupanga puloteni. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Choncho pampu imadontheza shuga pang'onopang'ono, motsogoleredwa ndi kompyuta, kuti mabakiteriya azikhala ndi kanjala pang'ono nthawi zonse. Mpweya umapoperedwa mosalekeza, chotakasa chimazungulira, ndipo madzi ozizira amayenda m'mbali mwa thanki chifukwa mabakiteriya ochuluka chonchi amatentha okha. Magetsi akazima kwa mphindi zochepa, okosijeni amatha ndipo ntchito ya masiku ikhoza kuwonongeka.

Chopinga chachikulu koposa chimabwera thanki ikatha. Insulini wosakhwima amaunjikana m'kati mwa bakiteriya ngati timibulu tolimba, atapindika molakwika. Pamafunika kuswa maselo, kusungunula timibuluto, kuipinda puloteniyo mmene iyenera kukhalira, kuidula pamalo oyenera, kenako kuisefa kambirimbiri. Khungu la E. coli lili ndi poizoni amene ngakhale wochepetsetsa akalowa m'magazi amabweretsa kutentha thupi koopsa, ndiye ayenera kuchoka. M'kabotolo ka kuchipatala mulibe bakiteriya ngakhale mmodzi. Kuyeretsa kumeneku, ndi kutsimikizira oyang'anira za mankhwala kuti kabotolo kalikonse n'kofanana ndi kanzake, ndi kumene kumafuna ndalama zambiri ndi anthu ophunzira ambiri. Insulini wochuluka wa dziko lonse amachokera ku makampani atatu okha: Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi. Ngakhale mgwirizano wa mu 2023 wa Novo Nordisk ndi kampani ya Aspen ya ku South Africa ndi woti Aspen izimaliza insulini ndi kumuika m'mabotolo, osati kuweta tizilombo take. Malawi amaitanitsa insulini yense kunja.

Mmene ndikuonera ine, khomo lapafupi kwa ife si insulini. Ndi mapuloteni osabaya m'thupi, amene safuna kuyera kotereku. Mu sopo waufa wambiri muli maenzaimu odya madontho a magazi ndi msuzi, opangidwa ndi mabakiteriya a mtundu wa Bacillus, amene mwachibadwa amawatulutsa kwambiri chakudya chikayamba kutha. Palinso phytase, enzaimu yosakaniza m'chakudya cha nkhuku ndi nsomba za m'madamu. Phosphate wambiri wa m'madeya ndi soya amakhala womangika moti nkhuku singamugaye, amangodutsa n'kutuluka ndi zitosi. Phytase imamumasula. Mlimi amagula mchere wowonjezera wochepa, ndipo phosphate wokokoloka kupita m'mitsinje ndi m'nyanja amachepanso. Zinthu ngati zimenezi, pamodzi ndi yisiti wa buledi amene kumayiko ambiri amaweteredwa pa molasesi, ndi zimene dziko la nzimbe likhoza kuyambira.

Kuti muone nokha kuti kachilombo kamadya chokhacho chimene kali ndi majini ake, simufunika labu yapamwamba. Pezani mabotolo atatu apulasitiki ofanana, mabaluni atatu ndi paketi ya yisiti wa mandasi. M'botolo loyamba thirani madzi ofunda okha. M'lachiwiri, madzi ofunda ndi masupuni awiri a shuga. M'lachitatu, mkaka wa ng'ombe wowiritsa, wosathira shuga, umene wazizira mpaka kungofunda. Onse akhale ofanana muyezo, ndipo ofunda moti chala chikhoza kukhalamo osapsa. Ikani supuni yaing'ono imodzi ya yisiti m'botolo lililonse, khutchumulani, vekani baluni pakamwa pake, n'kuwaika pamalo ofunda koma osati padzuwa la masana a Okutobala.

Pakatha ola limodzi baluni ya botolo la shuga idzakhala itafufuma. Ya mkaka idzangodzuka pang'ono kapena osadzuka n'komwe, pafupifupi ngati ya madzi okha, ngakhale kuti mu mkakamo muli shuga wokwanira. Yisiti wa buledi alibe jini ya enzaimu yodula lactose. Mkaka womwewo mukausiya masiku awiri udzasanduka chambiko, chifukwa mabakiteriya ena amene jiniyo ali nayo adzakhala ataupeza. Lembani nthawi ndi kukula kwa baluni iliyonse mphindi 15 zilizonse, jambulani girafu, ndipo mukaionetse kwa aphunzitsi anu a Biology.